Kwa achemwali a pulojekiti ya masamu a khansa

Achemwali, pa zomwe munafunsa za pulojekiti yanu, za supavaiza anthu ena ayankha kale, ine ndinena za masamu okha. Mwati mukufuna model, masamu ofotokoza mmene chotupa cha khansa chimakulira, mmene chimafalikira ndi mmene mankhwala amachigonjetsera, zonse m'pulojekiti imodzi ya chaka chomaliza. Zachuluka. Kufalikirako kusiyeni, kumafuna ma PDE (partial differential equations, masamu ovuta otsata kusintha m'malo ndi m'nthawi) ndipo nthawi mulibe.

Yambani ndi equation ya Gompertz. Ndi ya 1825, inali yowerengera imfa za anthu, koma mu 1964 Anna Kane Laird anaonetsa kuti imagwirizana ndi kukula kwa zotupa: chaching'ono chimathamanga, chikakula chimachedwa, mwa zina chifukwa maselo a m'kati salandiranso magazi okwanira. Pa mankhwala onjezani mfundo ya log-kill ya wasayansi Howard Skipper, yoti dozi iliyonse ya kemo (mankhwala opha maselo a khansa) imapha gawo lomwelo la maselo otsala, osati nambala yomweyo. Izi zokha zikukwanirani.

Pamene pagona nkhani ndi pa data. Amene akuti "ingopitani kuchipatala mukapemphe mafayilo" sanayesepo. Mafayilo a odwala simukhudza popanda chilolezo cha komiti ya ethics ndi cha National Health Research Authority, bungwe loyang'anira kafukufuku wa zaumoyo ku Zambia. Msuweni wanga anadikira mpaka semesita inatha, ndipo atawapeza pa chipatala china kuno kum'mawa, pafupifupi fayilo iliyonse inali ndi muyeso umodzi basi, "4 x 5 cm" wa pamanja, kenako kalata yotumiza wodwala ku Lusaka. Curve ya kakulidwe ka chotupa mungaijambule bwanji pa kadontho kamodzi? Dokotala sangasiye chotupa chizikula kuti inu mupeze manambala. Kukwera basi kukawatsata odwalawo ku Lusaka ndi K400 kapena kuposa kupita kokha, ndipo malamulo ndi omwewo.

Tengani data ya mbewa za mu labu yomwe ili m'mapepala osindikizidwa kale. Ngati ili pa girafu, pulogalamu ya WebPlotDigitizer imatulutsa manambala ulere. Pulogalamu ya masamu ya MATLAB musagule. Mapulogalamu a Python ndi SciPy, ndi zida zake za solve_ivp ndi curve_fit, amachita zonse, ndipo pa Google Colab, pomwe Python imayendera pa intaneti, ngakhale kalaputopu kakale kamakwanitsa, magetsi akathima ntchito siitayika.

Mwatchulanso kuti azakhali akudwala khansa ya khomo la chiberekero. Pepani kwambiri. Koma model yanuyo musaikemo manambala awo, siingakuuzeni za iwo. Mafunso amenewo mukafunse madokotala a ku Cancer Diseases Hospital, chipatala cha khansa cha ku Lusaka, pa tsiku lokaonedwanso.