Musaipente kaye helemetiyo achimwene

Achimwene ndaona funso lanu, mwati mwagula helemeti ya asilikali a ku America pa car boot sale, msika uja wa katundu wakale wogulitsira m'buti mwa galimoto, wogulitsa wakuuzani kuti ndi ya nkhondo yachiwiri yapadziko lonse ndiye mukufuna muikweche dzimbiri, muipente bwinobwino kenako muikoleke pakhoma pabalaza. Chonde sandipepayo ikani kaye pansi. Izi si galimoto yoti ukaipenta mtengo umakwera ayi, penti yakale yokandikakandikayo ndi imene anthu otolera zinthuzi amalipirira ndalama, mukangoichotsa basi mwatsala ndi bakuli lachitsulo.

Pachithunzi mwaikacho ndi helemeti ya mtundu wa M1, apo palibe zokayikitsa. Koma M1 inakhalitsa heavy, anayamba kuivala mu 1941 kulowa m'malo mwa ija yophwatalala ngati mbale yomwe anatengera kwa Angerezi, anapita nayo ku Korea, ku Vietnam mpaka m'ma 1980 pomwe kunabwera ya Kevlar, yopangidwa ndi ulusi wolimba kwambiri m'malo mwa chitsulo. Komanso nkhondo itatha mayiko ngati Belgium, Netherlands, Austria ndi Denmark anapanga zawo zofanana nayo kwambiri. Ndiye munthu akangoti "ya WW2 iyi" osangogwedeza mutu, chitsulocho chimanena chokha zaka zake.

Itembenuzeni muyang'ane kamkombero kaja kozungulira m'mphepete, pali pamene nsonga zake ziwiri zinakumanirana. Pakakhala kutsogolo, pamphumi, mwachita mwayi chifukwa ankapanga choncho mpaka chakumapeto kwa 1944, kenako anasamutsira kumbuyo. Zoyambirirazo mkombero wake unali wa stainless ndiye penti sinkagwira bwino, mumaona kakuwala m'mphepete ngati supuni. Kenako onani tizitsulo tomangirirapo lamba wa pachibwano. Tikakhala towotcherera tosagwedezeka ndiye kuti ndi yakale zedi, cha mu 1943 anasintha nkuika togwedezeka chifukwa toyambato tinkathyoka. Lamba wa nthawi ya nkhondoyo anali wosokerera ndi ulusi pomwepo, wokhala ndi tomanira tachitsulo ndi wam'mbuyo mwake. Pentinso ikhudzeni, ya nthawi imeneyo ankasakaniza ndi tizidutswa ta cork ndiye imakhala ya tinthudza tikulutikulu, zam'mbuyo ankathira mchenga wosalala bwino.

Mukatero tengani tochi ya pafoni muunike mkati kutsogolo, pansi pa kamlomo kotulukira pamphumi kaja, pali manambala odinda pachitsulo. Makampani akuluakulu omwe ankapanga zigobazi pa nkhondoyo anali awiri, McCord ya ku Detroit yomwe inapanga pafupifupi 20 miliyoni ndi Schlueter ya ku St. Louis yomwe inapanga cha m'ma 2 miliyoni, ya Schlueter imakhala ndi S pafupi ndi nambalayo ndiye poti ndi zochepa anthu amazisaka. Yesaninso magineti pamwamba pake, chitsulo cha M1 yeniyeni ndi cha manganese, magineti sagwira bwinobwino, akamata zolimba ambiri mwa amenewo amakhala aku Europe aja. Mukaona timing'alu kumbuyo musadandaule, zakalezi zimatero.

Chipewa chamkati chija, liner, ndi chinthu china pachokha, chimavuka. Ankapanga ena monga Westinghouse, Firestone, MSA, CAPAC, Inland, chizindikiro chawo chimakhala mkati pakati penipeni. Musadabwe kupeza chigoba cha 1944 chili ndi liner ya nthawi ya Vietnam, asilikali ankazibwereza, kupentanso nkupatsa wina, ndiye zosakanizika ndi zambiri kuposa zomwe zinakhala limodzi kuchokera pachiyambi.

Tsopano kachizindikiro ka spade ka pa juga koyera komwe kali m'mbalimo, apa mundikhululukire ndikukhumudwitsani pang'ono. Spade inali chizindikiro cha gulu la 506th la mu 101st Airborne, asilikali aja otsika kuchokera m'mlengalenga, ma heart anali a 502nd, diamond 501st, club 327th, ndipo palibe chinthu chomwe akathyali amakonda kupenta kuposa chimenechi, limodzi ndi mtanda wofiira wa ma medic, asilikali azachipatala. Amatenga helemeti wamba yotchipa, kujambulapo, kuikanda pang'ono ndi kuidetsa kuti ioneke yokalamba mtengo nkukwera kangapo. Yeniyeni sikawirikawiri kuipeza itangokhala pa tebulo la car boot pakati pa maketulo ndi nsapato, ine mtima wanga ukuti ndi feki. Onetsetsani ngati penti yoyerayo yalowa m'mikanda yakale ya pansi pake, ikatero ndiye kuti inabwera mochedwa. Koma ngakhale spade itakhala yabodza chigobacho chitha kukhala chenicheni, ndiye musafufute kanthu musanaonetse munthu wozidziwa.

Za dzimbiri, kansalu kouma kapena kaburashi kofewa basi, osaiviika m'madzi, osathira mafuta a injini. Ena amapaka pang'ono Renaissance Wax, phula lotetezera zinthu zakale, ena amati ngakhale imeneyo ayi, ine ndimangopukuta fumbi. Yanga yoyamba ndinaipaka polishi wa nsapato pa kalamba kachikopa ka liner ndikuti ndikukathandiza, kanada bii nkuyamba kunyeta, mpaka lero ndikakaona ndimadziseka ndekha.

Pa msomali ayi achimwene, makamaka kukoleka ndi lamba, nsalu ya zaka 80 singapirire kulemera kopitirira kilogalamu, tsiku lina mudzangomva phofo usiku. Ikani pa shelefu kapena mu kabati yagalasi pa kachoimikira kokutidwa ndi nsalu, kutali ndi windo chifukwa dzuwa limafwifwitsa penti, kutalinso ndi radiator ndi chinyontho cha nyumba za ku UK kuno. Mulembe kapepala, munagula kuti, liti, kwa ndalama zingati, mukaike pambali pake, ndipo mkati mukapeza dzina kapena nambala ya msilikali yolembedwa musayerekeze kuipukuta.

Tatumizani chithunzi cha mkati kutsogoloko ndi cha tizitsulo ta lambato tione limodzi.