Za mwana wokakamira gemu yakale ya bakha ija

Mayi, mwafunsa kuti bwanji mwana wanu wa zaka 7 wasiya magemu atsopano owalawala aja n'kumakakamira kagemu kakalekale ka bakha wodumpha ndi ndodo, mpaka mukuopa kuti mwina akubwerera m'mbuyo. Aaa musadandaule, ine zimenezi ndaziona pa mwana wa mchemwali wanga, yemwenso foni anangoiponya apo tsiku lomwe anagwira padi, kaja ka mabatani kosewerera gemu.

Gemu mukunenayo ndi DuckTales ya kampani ya Capcom, inatuluka mu 1989 pa NES (makina akale a Nintendo osewerera magemu pa TV), ndipo ena mwa anthu amene anaipanga ndi omwe ankapanga gemu ina yodumphadumpha yotchedwa Mega Man, nchifukwa chake kudumpha kwake kumamveka bwino m'zala. Bakhayo ndi Scrooge McDuck, katuni yake inabwereranso mwatsopano mu 2017 ndiye ana ambiri amamudziwa kale. Nkhani yagona pamenepo. Mwana akangoyatsa safuna womuuza kuti uyu ndani, akufuna chani, woipa ndi uti. Akudziwa kuti mdalayu ndi wokonda chuma, akaona kadaimondi pakona amangothamangira basi. Pa TV amangokhala duu kuonera, apa akadina batani bakha amadumpha, ndiye kwa iye zili ngati walowa mkati mwa katuni ija.

Komanso taonani padi ya NES, kamtanda kolozera mbali ndi mabatani awiri osewerera, A ndi B, mwatha. Ukuyenda, ukudumpha, ukagwera m'dzenje wayambiranso. Mwana woti sanadziwe n'kuwerenga komwe amamva malamulo onse m'mphindi ziwiri. Wa mchemwali wangayo ndinamuonerera pa levo ya ku Himalayas, iye anazolowera kunjanja ndi ndodo paliponse, kufika pa chipale chofewa chija ndodo inangotitimira bakha n'kukanirira pomwepo. Anakwiya, anayesanso, yemweyo, kachitatu anangoti phee kuyang'ana sikirini kenako anayamba kuyenda wapansi n'kumagwiritsa ndodo pokhapokha akafuna kuponda mdani pamutu. Palibe anamuuza, panalibe kamuvi kothwanima komulozera. Nkhope imene anapanga atadutsa pamenepo ngati wakhoza mayeso kkkk. Ndipo gemuyi imamulola kusankha yekha koyambira, kaya ku Amazon, kaya ku Transylvania, kaya kumwezi, ana amakonda kwambiri kumva kuti akulamula ndi iwowo.

China chomwe ife akuluakulu timaiwala n'choti magemu amenewa amatha. Ali ndi poyambira ndi pothera, safuna intaneti, sakudula pakati kuti uonere zotsatsa malonda, sakuuza kuti gula makoini kuti upitilire. Ambiri a pafoniwa anawapanga kuti usawasiye, nchifukwa chake kulanda mwana foni kumakhala ngati nkhondo. Uku mutha kugwirizana kuti ukamaliza levo iyi tizimitse, ndipo levoyo imathadi.

Ngati ali ndi m'bale wake mupezereni Chip 'n Dale Rescue Rangers ya 1990, ya Capcom yomweyo. Amasewera awiri nthawi imodzi, kunyamula mabokosi ndi maapozi n'kumagenda adani, koma vuto lake utha kunyamulanso mnzako n'kumuponya, ndiye konzekerani milandu ya "amayi wandiponya dala" madzulo alionse. Castle of Illusion ya Mickey Mouse, ya kampani ya Sega 1990, nayo ndi yofatsa bwino kwa oyamba kumene. Aladdin ya 1993 ilipo mitundu iwiri, ya pa Genesis (makina a Sega) yomwe zithunzi zake anajambula nawo akatswiri a makatuni a Disney enieni ndipo mnyamatayo ali ndi lupanga, ndi ya Capcom pa Super Nintendo yopanda lupanga, yongodumpha pamitu ndi kugenda maapozi. Anthu mpaka lero amakangana kuti yabwino ndi iti, ine ndili ku ya Genesis chifukwa cha mmene amayendera, ngati ukuonera katuni yeniyeni.

Koma ndisakunamizeni kuti zonse zakale ndi zabwino ayi. Magemu ambiri okhala ndi dzina la katuni ankawapanga mothamanga kuti atuluke katuniyo ikadali m'kamwam'kamwa, kungomata nkhope yodziwika pa gemu yosalongosoka, kholo n'kugula chifukwa cha chithunzi cha pabokosi. Ena ndi okongola koma ouma mtima. The Lion King ya 1994 ija, levo yachiwiri yokha, ya anyani okuponya uku ndi uku, akadyamsonga ndi nthiwatiwa, inaliza ana osawerengeka, ngakhale akuluakulu amene. Nthawi imeneyo anthu ankabwereka magemu kwa masiku ochepa, ndiye eni ake sankafuna kuti munthu amalize msanga asanagule yake. Imeneyo musayambe nayo, ingamudanitse ndi masewero onse.

Mwayi wake masiku ano anawasonkhanitsa pamodzi. The Disney Afternoon Collection ya 2017 ili ndi magemu 6 kuphatikizapo DuckTales ndi Chip 'n Dale, ndipo Aladdin ndi The Lion King anazitulutsanso limodzi mu 2019. Monsemo muli batani lobweza nthawi m'mbuyo, ukagwa umangobwerera pomwe unalakwitsa. Ine ndimati mwana ayambe wayesa yekha kangapo asanalikhudze, apo ayi amangolidina ngati akupuma mpweya. Akadzakulako pang'ono n'kufuna za 3D, SpongeBob Battle for Bikini Bottom ya 2003 anaikonzanso mu 2020, ndi yosekesa bwino.

Loweruka lino tengani padi yachiwiri mukhale naye pa Chip 'n Dale, mudzatiuze muno kuti wakuponyani m'dzenje kangati.