Yankho kwa amalume pa za kuphwanya kwa minofu ndi kukokana

Amalume, mwaswera bwanji kumeneko ku Highfield? Uthenga wanu ndaumvera kawiri, ndipo ndasankha kukuyankhani pompano pagulu, chifukwa ndikudziwa kuti pali ena m'banja mwathu muno amene ali ndi funso lomweli koma akuchita manyazi kufunsa. Mwanena kuti Lolemba munanyamula zitsulo kwa nthawi yoyamba kwa mnyamata woyandikana nanu uja, Lachiwiri munadzuka bwinobwino, koma lero Lachitatu ntchafu zaphwanya moti mwatsika kombi pa Machipisa mochita kugwirira chitseko ngati nkhalamba. Mwanenanso kuti usiku katumba wakumanzere anakokana mpaka munakuwa, ndipo mukufunsa ngati mwadzivulaza ndiponso ngati kuli bwino kungosiya.

Poyamba ndikutsimikizireni kuti zimene mwafotokoza za ntchafuzo si kuvulala. Minofu ikagwira ntchito imene sinaizolowere, timinyewa take timang'ambika pang'onopang'ono, ndipo thupi likayamba kukonza malowo m'pamene munthu amamva kuphwanya. N'chifukwa chake ululuwo subwera tsiku lomwelo, koma umafika pachimake pakati pa maola 24 ndi 72, kenako n'kumazirala mpaka kutheratu sabata isanathe. Chimene chimaphwanya kwambiri si kukweza katunduyo ayi, koma kumutsitsa, pamene mnofu ukukoka uku ukutambasuka. Mukayesa mawa muona kuti kukwera masitepe kukhala kwabwinoko kusiyana ndi kutsika, ndipo kukhala pampando kukupwetekani kuposa kudzukapo. Mnyamata uja akuti ndi asidi amene watsalira m'minofu, ndipo ambiri kujimu amanena zomwezo, koma asidi amene akunenayo amachoka m'magazi pakangotha pafupifupi ola limodzi munthu atamaliza masewero, choncho sangakhale amene akukuvutitsani patatha masiku awiri.

Cholakwika chinali muyeso. Zitsulo za mnyamatayo ndimazidziwa: ndi simenti youmbidwa m'zitini za penti, yolumikizidwa ndi paipi yamadzi, ndipo palibe amene anaziikapo pasikelo. Iye ali ndi zaka 24, inu muli ndi 58, ndipo ndikuganiza kuti simunafune kuoneka ofooka pamaso pa mwana. Inenso zinandichitikirapo nditangoyamba kuno ku Mufakose: ndinatha masiku atatu ndikulephera kuwongola zigongono, ndipo posamba ndinkachita kuweramitsa mutu kuti ukumane ndi manja. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti nditabwereza masewero omwewo sabata yotsatira, kuphwanyako kunachepa kwambiri. Minofu imazolowera msanga, ndipo munthu amene amasiya n'kukayambanso patatha mwezi ndi amene amamva ululu wa tsiku loyamba mobwerezabwereza.

Pakadali pano musagone tsiku lonse. Yendani pang'onopang'ono kwa mphindi 20 kapena 30, sambani madzi ofunda, ndipo azakhali akusisiteni mopepuka ngati angalole. Zimenezi sizifulumizitsa kwenikweni kuchira, koma zimachepetsa ululu kuti muthe kugwira ntchito zanu. Ntchafuzo musazinyamulitse katundu mpaka zitamasuka. Za ibuprofen ndi diclofenac, zopha ululu zimene anthu amagula mwachisawawa, inu zipeweni, chifukwa mumamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi, ndipo mapiritsi amenewa amatha kukweza BP komanso kulemetsa impso.

Kukokana kwa usiku ndi nkhani ina. Kumeneku kumabwera mwadzidzidzi, mnofu umalimba ngati mwala, ndipo kumatha pakapita masekondi kapena mphindi zochepa. Nthawi zambiri kumagwira mnofu umene watopa kwambiri, ndipo kutuluka thukuta lambiri m'nyengo yotentha ngati ino ya Okutobala kumatha kuwonjezera vutoli. Kukadzakugwiraninso, wongolani mwendo, kokerani zala zakuphazi chakumaso kwanu, ndipo mugwire choncho mpaka mnofu utamasuka. Ngati mungathe, imirirani n'kuponda pansi ndi chidendene. Muzimwa madzi masana onse osadikira ludzu. Komabe pali chinthu chimodzi chimene ndikupempha kuti mukafunse kuchipatala kumene mumalandira mankhwala. Ngati pa mapiritsi anu pali aja okodzetsa otchedwa hydrochlorothiazide, iwo amatha kuchepetsa mchere wotchedwa potaziyamu m'thupi n'kuyambitsa kukokana, ndipo mankhwala ochepetsa mafuta m'magazi nawonso amapweteketsa minofu mwa anthu ena. Musasiye kumwa mwa inu nokha, koma mukawauze adokotala kuti mwayamba masewero ndipo mukukokana usiku.

Pali zizindikiro zimene simuyenera kudikira nazo kunyumba. Mkodzo ukada ngati tiyi wopanda mkaka, minofu itatupa ndiponso ikupweteka mopitirira muyeso, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, pakuti zimenezi zimasonyeza kuti minofu yawonongeka kwambiri ndipo impso zili pangozi. N'chimodzimodzinso katumba mmodzi akatupa, n'kumatentha, ululu wake osatha, chifukwa mwina magazi aundana mumtsempha. Ululu wobaya pa bondo, paphewa kapena kumsana, umene unayamba panthawi yomwe munkanyamula, nawonso si kuphwanya wamba.

Tsopano pa funso lanu loti musiye kapena ayi, ine ndikuti musasiye, makamaka poti adokotala anakuuzani kuti shuga wanu wayamba kukwera. Minofu ndi imene imatenga gawo lalikulu la shuga wa m'magazi tikadya, ndipo ikamagwira ntchito imamutenga mosavuta. Vuto n'lakuti munthu akapitirira zaka 30 minofu imayamba kuchepa, pafupifupi 3 mpaka 8 pa 100 alionse pa zaka khumi zilizonse, ndipo akapitirira 60 imachepa mofulumirapo. Tonse tikukumbukira mmene agogo ankavutikira kudzuka pamphasa m'zaka zawo zomaliza, osati chifukwa cha matenda, koma miyendo inalibenso mphamvu. Kunyamula zolemera kumalimbitsanso mafupa, ndipo pamenepa ndikulankhulanso ndi azakhali ndi amayi, chifukwa mafupa a akazi amafooka msanga akasiya kusamba. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, m'malangizo ake a 2020, limati munthu wamkulu azichita masewero olimbitsa minofu masiku awiri kapena kuposerapo pasabata, kuwonjezera pa mphindi 150 mpaka 300 za masewero ngati kuyenda ndawala.

Simenti ija muisiye kaye. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, choncho chigubu cha malita 5 chimakupatsani kulemera kumene mukukudziwa, ndipo mungathe kuwonjezera kapena kupungula. Chikumbatireni pachifuwa, khalani pampando, dzukani, ndipo mubwereze ka 8 mpaka ka 12, mupume, kenako mubwerezenso kamodzi. Muzilekeza mukuona kuti mukanatha kuwonjezera kawiri kapena katatu. Chofunika kwambiri kwa inu ndi mpweya: muziutulutsa pamene mukudzuka ndi katunduyo, musamaugwire, chifukwa kugwira mpweya kumakweza BP mwadzidzidzi. Pakati pa tsiku lina ndi linzake pazidutsa maola 48, ndipo pa nsima yanu pasamasowe nyemba, mazira kapena matemba, poti minofu siimangidwa ndi masamba okha.

Loweruka m'mawa ndibwera kumeneko dzuwa lisanatenthe kuti ndidzaone mmene mukuimira ndi mmene mukupindira msana. Mundikonzere zigubu ziwiri ndi mpando wolimba, osati wapulasitiki uja wothyoka mwendo, ndipo muike pafupi mapaketi a mankhwala anu kuti tidzawerengere limodzi mayina ake.