Mafunso a Awerengi: Kalembedwe ka Magwero m'Pepala la Uinjiniya

Funso: Zikomo Aphunzitsi. Ndine mtsikana wa ku Mufakose, ndipo ndikuchita digiri yachiwiri ya uinjiniya wa zamagetsi kuno ku Harare. Ndinatumiza pepala langa loyamba ku magazini ina ya kafukufuku, koma mkonzi walibweza asanalipereke n'komwe kwa akatswiri oti aliunike. Akuti mndandanda wanga wa magwero sukutsata kalembedwe ka IEEE. Ine ndinalemba dzina la wolemba ndi chaka, monga tinkachitira m'zaka zonse za digiri yoyamba. Kodi nkhani ya mipumiro ndi mipatuliro ingabwezetse ntchito ya miyezi khumi ndi iwiri? Ndiyambire pati?

Yankho: Chemwali, ndikumvetsa kuwawa kwake, koma musataye mtima, chifukwa mkonziyo sanakane kafukufuku wanu, ndipo cholakwikachi mungathe kuchikonza m'masiku awiri kapena atatu. Kalembedwe kamene munazolowera, kotchula dzina ndi chaka, ndi kamene ambiri amakatcha Harvard, ndipo si kolakwika pakokha. Magazini a American Society of Civil Engineers amagwiritsanso ntchito dzina ndi chaka. Koma IEEE, bungwe la akatswiri a zamagetsi limene linakhazikitsidwa mu 1963 pamene mabungwe awiri akale a ku America anaphatikizana, limafuna manambala, ndipo magazini ambiri a zamagetsi ndi makompyuta amatsata njira yomweyo. Wopita kwa eni amadya monga eni amadyera, choncho choyamba ndi kutsegula malangizo a olemba a magazini imene mwasankhayo, komanso kuyang'ana mapepala awiri kapena atatu amene yasindikiza posachedwapa.

M'kalembedwe ka IEEE, gwero loyamba kutchulidwa m'pepala limalandira nambala [1], lachiwiri [2], ndipo nambalayo imakhala m'mabulaketi a ngodya, mkati mwa chiganizo, mpumiro usanafike. Mukabwereranso ku gwero loyamba lija patsamba lachisanu ndi chimodzi, limakhalabe [1]. Mndandanda wa kumapeto umatsata manambala omwewo, osati ndondomeko ya afabeti. Apa ndi pamene anthu ozolowera kalembedwe ka Harvard amapunthwa kawirikawiri, chifukwa akawonjezera gwero limodzi pakati pa pepala, manambala onse otsatira amayenera kusuntha. Ngati mwatenga fomula kapena chiwerengero patsamba linalake, lembani tsambalo mkati mwa mabulaketi, monga [4, p. 12], kuti woŵerenga asavutike kufufuza buku lonse.

Tiyeni titenge pepala limene wophunzira aliyense wa zamauthenga amalidziwa, la Claude Shannon la mu 1948. Pamndandanda limalembedwa chonchi: C. E. Shannon, "A mathematical theory of communication," *Bell Syst. Tech. J.*, vol. 27, no. 3, pp. 379–423, Jul. 1948. Onani kuti zilembo zoyamba za mayina zimatsogola, dzina la bambo n'kubwera pambuyo. Mutu wa pepala uli m'mitengero, dzina la magazini lafupikitsidwa ndipo lalembedwa ndi zilembo zopendekera, kenako voliyumu, nambala, masamba, mwezi ndi chaka. Olemba akapitirira asanu ndi mmodzi, mumalemba woyamba yekha ndi mawu achilatini akuti *et al.* Pepala likakhala ndi DOI, nambala yosasintha ija yoyamba ndi 10, iikeni kumapeto, pakuti adiresi ya pa intaneti imatha kufa pamene DOI imakufikitsanibe pa pepalalo.

Ndasankha pepala la Shannon dala. Linatuluka m'zigawo ziwiri, china mu July, china mu October chaka chomwecho, pamasamba 623 mpaka 656. Munthu akatenga mfundo m'chigawo chachiwiri n'kulemba masamba a chigawo choyamba, ndiye kuti wasocheretsa woŵerenga, ndipo katswiri wounika amazindikira msanga kuti wolembayo anangokopera gwerolo kwa mnzake osalitsegula. Ichi ndicho chifukwa chenicheni chimene akonzi amaumirira pa tinthu timene mukutitcha mipumiro ndi mipatuliro. Injiniya wina, kaya ali ku Bulawayo kapena ku Blantyre, angafune kugwiritsa ntchito chiwerengero chanu posankha kukula kwa thiransifoma, ndipo ayenera kutha kupeza pamene munachitenga kuti adzionere yekha. Pachifukwa chimenechi ndikukupemphani kuti chilichonse chimene simunachiwerenge ndi maso anu muchichotse pamndandanda. Chenjerani makamaka ndi magwero ochokera ku mapulogalamu a nzeru zopangidwa, chifukwa amatha kupeka mutu, olemba ndi masamba a pepala limene kulibe.

Manambala musamawalembe pamanja. Zotero ndi pulogalamu yaulere imene imagwira ntchito limodzi ndi Word, ndipo imasuntha manambala yokha mukawonjezera gwero. Palinso Mendeley ndi EndNote, ndipo olemba ndi LaTeX, pulogalamu yokonzera mapepala a sayansi, amagwiritsa ntchito BibTeX, pulogalamu yosanja magwero, pamodzi ndi IEEEtran, imene imawaika m'kalembedwe ka IEEE. Komabe makina amenewa amangotulutsa zimene mwawapatsa, ndipo ife a kuno amatilakwira m'njira ziwiri zimene ndimaziona kawirikawiri. BibTeX imayesa dzina la bungwe ngati dzina la munthu, moti Standards Association of Zimbabwe imasanduka "S. A. of Zimbabwe" ngati simunalikute dzina lonselo ndi mabulaketi ena opiringizika. Imachepetsanso zilembo zazikulu m'mitu ya mapepala, moti Kariba amatuluka ngati "kariba", pokhapokha mutateteza dzinalo m'njira yomweyo. Mukamaliza, sindikizani mndandandawo papepala, muwerenge mzere uliwonse uku mukuuyerekeza ndi tsamba loyamba la gwero lenileni, kenako mutumizenso pepala lanu ndi kakalata kaulemu kofotokoza zimene mwakonza.

Funso: Aphunzitsi, ine ndimagwira ntchito m'fakitale ina ku Workington, ndipo ndikulemba za kusokonezeka kwa mafunde a magetsi chifukwa cha makina athu. Zambiri ndazitenga m'malamulo a muyezo ndi m'malipoti a pantchito amene sanasindikizidwe. Kodi zimenezi zimalowa pamndandanda?

Yankho: Achimwene, malamulo a muyezo amalowa ndithu, ndipo mumalemba mutu wake, nambala yake ndi chaka. Chakacho musachisiye, chifukwa IEEE 519, lamulo limene limakhudza nkhani yanuyi, linatuluka koyamba mu 1981, linakonzedwanso mu 1992, mu 2014 ndi mu 2022, ndipo zina mwa zimene limanena zinasintha. Lembani chaka cha buku limene munali nalo patebulo pamene munkawerengetsa, osati chaka chatsopano chimene mwangochiona pa intaneti.

Malipoti a pantchito ndi nkhani ina. Lipoti lokhala ndi nambala, limene munthu wakunja angathe kulipempha n'kupatsidwa, limalembedwa ndi dzina la wolemba, mutu, dzina la kampani, mzinda, nambala ya lipoti ndi chaka. Lipoti lachinsinsi woŵerenga sangalipeze, choncho n'kwanzeru kuika ziwerengerozo m'pepala lanu lenileni, n'kufotokoza bwino mmene munaziyezera, chipangizo chimene munagwiritsa ntchito ndi masiku amene munayeza. Musanachite zimenezi, pemphani chilolezo cholembedwa kwa mabwana anu, ndipo muchisunge, chifukwa mkonzi angathe kukufunsani.