Anamumanga pabedi, lero akuti watha ntchito

Mayi wina wandilembera pa imelo za mlongo wake. Mnyamatayo anagonekedwa kuchipatala cha matenda a maganizo atayamba kumva mawu amene ena sakuwamva. Kumeneko anamumanga manja ndi miyendo pabedi usiku wonse popanda womuuza chifukwa. Panopa ali kunyumba, koma thupi lauma, manja amanjenjemera, malovu amangotuluka, ndipo amangoti, "Ine ndatha ntchito." Achibale akuti asiye mankhwala. Mayiwa akufunsa kuti atani.

Achemwali, pepani kwambiri. Kumusiya munthu ali womangidwa, yekhayekha, osamulankhula, si chithandizo ayi, ndi nkhanza. Ndikudziwa kuti anamwino ambiri amagwira ntchito ali ochepa komanso otopa, koma zimenezo sizichotsa bala limene latsala mumtima mwa mlongo wanu. Ndipo si iye yekha: mu 2020 bungwe loteteza ufulu wa anthu la Human Rights Watch linapeza kuti anthu odwala maganizo akumangidwa maunyolo m'maiko 60.

Komabe mankhwala musawasiye mwadzidzidzi, matenda angabwerere mwamphamvu. Kuuma thupi ndi kunjenjemera zimachitika kawirikawiri ndi mankhwala monga haloperidol ndi chlorpromazine, chifukwa amatchinga ntchito ya dopamine, kemikolo ina ya muubongo, yomwenso imathandiza kuti thupi liziyenda bwino. Zimenezi zili ndi pothera. Dokotala angathe kuchepetsa mlingo, kusintha mankhwala, kapena kuwonjezera ena monga trihexyphenidyl. Pitani naye, ndipo mukalowa m'chipinda musamuyankhulire. Dokotala akakufunsani inu, tembenukirani kwa iye munene kuti, "Achimwene, fotokozani nokha." Koma thupi likauma kwambiri kwinaku likutentha, mutu utasokonekera, musadikire tsiku limene anakupatsani, thamangirani kuchipatala.

Ena amati wodwala maganizo malo ake ndi kuseri kwa chitseko chokhoma. Ku Italy, dokotala Franco Basaglia anakana zimenezo. Anatsegula zitseko za chipatala cha matenda a maganizo cha mumzinda wa Trieste, odwala nayamba kukhala pakati pa anthu akulandira chithandizo kufupi ndi kwawo, ndipo mu 1978 dzikolo linakhazikitsa lamulo loti zipatala zotsekera anthu zitsekedwe. Ku Geel, m'dziko la Belgium, mabanja akhala akusunga odwala m'nyumba zawo kwa zaka mazanamazana. N'zotheka ndithu.

Chimene chandikhudza kwambiri m'kalata yanu ndi mawu aja akuti "ndatha ntchito". Piritsi silingachotse mawu amenewo. Amachoka pang'onopang'ono munthu akaona kuti pakhomo akumuwerengerabe. Mabanja ambiri, mwa chikondi, amamulanda wodwala zonse: samutuma, samufunsa maganizo, akalowa nkhani imaduka. Iye amaona. Mupatseni kantchito kake kenikeni, koti akapanda kukachita pazioneka kuti pasowa munthu. Pokambirana nkhani za banja mufunseni kuti, "Nanga inu mukuti bwanji?" ndipo mudikire yankho ngakhale lichedwe. Muziitana dzina lake, ndipo wina akamutcha wamisala mumudzudzule pomwepo, iye akumva.

Thupi nalo musaliiwale. Azigona ndi kudzuka nthawi yofanana, aziyenda panja tsiku lililonse, azidya bwino, aonane ndi mnzake mmodzi amene amamukhulupirira. Mowa ndi chamba azitalikire, chifukwa chamba chimadzutsa matendawa. Inunso, achemwali, muzipuma. Gawanani ntchito yomusamalira, isakhale pamutu panu nokha.

Pali funso limene ambiri amaliopa. Popeza akudziona wachabechabe, khalani naye pansi awiriwiri mumufunse mosapita m'mbali ngati amaganiza zodzipha. Kufunsa sikumuika munthu maganizo amenewo, kumamupatsa mpata wopepukidwa. Akavomera, musamukalipire kapena kumusiya yekha. Mankhwala ake musunge inu, chotsani zimene angadzivulaze nazo, ndipo tsiku lomwelo mupite naye kwa dokotala.