Chimene chinachedwetsa kupeza ndege ku Chikangawa

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake panadutsa tsiku lathunthu ndege imene inapha a Saulos Chilima ndi anthu ena 8 isanapezeke. Pa 10 June 2024, Dornier 228 ya asilikali ija inalephera kutera ku Mzuzu chifukwa cha nyengo yoipa, kenako inakagwa m'nkhalango ya Chikangawa. Amene anadutsako ku Chikangawa nthawi yozizira akudziwa: chifunga chimakuta mapaini onse, ngakhale galimoto ili patsogolo pako suiona.

Koma chimene chimandiwawa mumtima n'chakuti akatswiri a ku Germany anapeza kuti batire la kachipangizo kolozera pamene ndege yagwera linatha ntchito mu 2004. Zaka 20 osalisintha! Kakanakhala kabwino, mwina osaka sakanavutika m'nkhalango muja mpaka pa 11 June.