Kwa aphunzitsi a ku Ngabu: mabuku onena za ife a m'chigwa alipo

Mayi wina wophunzitsa pa sekondale ina kufupi ndi Ngabu wandilembera imelo. Akuti sukulu yawo inalandira katoni ya mabuku kuchokera kunja, ndipo iwo ayambitsa kagulu ka ana a Fomu 3 ndi Fomu 4 kowerenga za ufulu wa anthu ndi chilungamo. Vuto ndi lakuti mabuku onsewo akunena za Martin Luther King, Rosa Parks ndi Nelson Mandela, mpaka mwana wina anafunsa kuti, "Kodi kuno kwathu kunalibe oponderezedwa?" Ndiye akufuna kudziwa ngati alipo mabuku a mbiri yeniyeni onena za anthu a ku Chikwawa ndi ku Nsanje, komanso kuti ayambire pati.

Aphunzitsi, mabukuwo alipo. Onse ndi a Chingerezi, ndipo ena ndi ouma ngati chimanga chokazinga, ofunika mano. Koma chigwa chathu chinalembedwa mozama kuposa madera ambiri a m'dziko muno, kungoti amene anawerenga ndi a ku mayunivesite akunja, eni nkhani sanazione.

Yambani ndi Elias Mandala, Mmalawi amene anaphunzitsa mbiri pa yunivesite ya Rochester ku America. Buku lake, Work and Control in a Peasant Economy, linatuluka mu 1990, ndipo likulondola moyo wa m'chigwa muno kuyambira 1859, chaka chimene David Livingstone anakwera mtsinje wa Shire koyamba, kufikira 1960. Musayembekezere kupezamo ngwazi imodzi yoti ana ailoweze dzina. Chimene Mandala akufunsa mutu ndi mutu n'chakuti, ndani ankadyera thukuta la mnzake? Akulu pa anyamata, apongozi pa mkamwini, mfumu pa kapolo, boma la atsamunda pa mlimi wa thonje. Ine ndimaona kuti nkhani ya chilungamo ya kuno imayambira pamenepa. Ku Montgomery mu 1955 mkangano unaonekera pa mpando wa m'basi. Kuno unali pa dimba, pa msonkho wa nyumba ndi pa sikelo yogulira thonje, ndipo mwana amene wamvetsa zimenezi akabwerera kwa Rosa Parks amamumva bwino kuposa kale.

Ana anu akudziwa kale chimene bukuli laimapo, chifukwa ndi mmene makolo awo amalimira. Pali munda wa kumphala wodalira mvula, umene kuno mvula yake ndi yosadalirika. Ndiye pali dimba, pamene madzi akaphwa munthu amabzala chimanga, mbatata ndi nyemba pa chinyontho chimene mtsinje wasiya, n'kukolola nthawi imene kumtunda kuli fumbi lokhalokha. Banja lokhala ndi minda iwiriyi linkapulumuka chaka choipa. Amang'anja akale ankaphikanso mchere, kusula makasu ndi kuomba nsalu za thonje lawolawo mzungu asanafike. Choncho wina akamati thonje linabwera ndi atsamunda, muuzeni awerenge kaye.

Pali gawo limene muyenera kuliphunzitsa mosamala. Chilala ndi njala ya 1862 ndi 1863, pamodzi ndi ogwira akapolo, zinathyola mphamvu za mafumu a Chimang'anja. Amakololo amene anabwera ndi Livingstone n'kutsalira kwa Chibisa anali ndi mfuti, ndipo m'zaka zochepa anakhala mafumu: Kasisi, Chipatula, Katunga, Maseya ndi ena. Anthu ankathawira kwa iwo chifukwa ankawateteza kwa ogula akapolo, koma otetezedwa omwewo ankalima minda ya mfumu mosafunsidwa maganizo. Zonse ziwirizi n'zoona. M'kalasi mwanumo muli zidzukulu za mbali zonse, kuphatikizapo ana a Asena amene makolo awo anathawa ntchito yakalavulagaga ya Apwitikizi, makamaka itatha nkhondo ya Makombe ya 1917. Musalole kuti phunziro lisanduke bwalo la milandu ya mitundu. Funso likhale lomwelo: ndani ankalamula ntchito, ndipo wogwira ntchitoyo akakana zinkamuthera bwanji?

Nkhani ya thonje ndi imene ndimaikonda kwambiri. M'zaka za m'ma 1920 ndi kumayambiriro kwa 1930, chigwa chino ndicho chinali nkhokwe ya thonje la Nyasaland. Kuyambira 1923 boma linapatsa bungwe la British Cotton Growing Association mphamvu yogula lokha thonje la alimi achikuda, kotero mlimi analibe kwina kokayesa mtengo. Komabe ndalama inalowa m'midzi, ndipo inasokoneza zambiri: mnyamata wokhala ndi ndalama yakeyake sankaopanso akulu ngati kale. Kenako kumapeto kwa zaka za m'ma 1930 nyanja ya Malawi itadzaza, Shire anasefukira osaphwanso msanga, madambo a Elephant Marsh ndi Ndindi anakula n'kumiza madimba ambiri. Ulimi wa thonje unagwa. Amuna ambiri anatembenukira ku usodzi ndi ku maulendo okafuna ntchito kunja, amayi n'kutsala ndi khasu. Pamwamba pa mavutowa panadzabwera malamulo a malimidwe, okakamiza anthu kuunda mizere ndi kuzula thonje pa tsiku loikika, wolephera n'kulipitsidwa kapena kumangidwa.

Mukawerenga zimenezi, nkhani ya masiku ano imamveka mwina. Madzi akasefukira, monga mu Januwale 2015, kapena nthawi ya namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023, mumamva anthu a m'tauni akuimba foni pa wailesi kuti a ku Makhanga ndi osamva, bwanji osasamukira kumtunda. Sindikunena kuti anthu azikhala podikira imfa. Koma amene akulamula kusamuka ayenera kuyankha kuti munthu wachotsedwa pa dimba akadya chiyani mu Okutobala. Limeneli ndi funso la chilungamo, ndipo ana anu angalikambe bwino kuposa nduna.

Mandala yemweyo analembanso The End of Chidyerano mu 2005, lonena za chakudya ndi moyo wa tsiku ndi tsiku kuyambira 1860 mpaka 2004. Mfundo yake ndi yakuti olemba mbiri amathamangira njala zikuluzikulu zokhala ndi chaka chodziwika, n'kuiwala njala ya chaka ndi chaka, ija imafika nkhokwe zikatha mbewu zisanache. Akufotokozanso mmene mwambo wodyera pamodzi mabanja angapo unazilalira, ndi amene anavutika utatha: amasiye, okalamba, ana opanda wowayang'anira. Apa simufunika kufotokoza zambiri. Funsani kalasi kuti ndani anadyapo nyika. Adzakuuzani okha mmene amayi amalowera m'dambo madzi ofika m'chifuwa, kufufuza timizu takudato m'matope, wina ataima pa bwato kuyang'ana ng'ona; mmene amatiphikira, ndi kukoma kwake kwa dothi kumene kumatsalira mkamwa. Mwana akalemba tsamba limodzi la zimenezi, wayamba kale kulemba mbiri ya anthu wamba.

Buku lachitatu ndi River of Blood la Matthew Schoffeleers, wansembe wa Chikatolika wochokera ku Netherlands amene anatumikira kuno kuchigwa. Linatuluka mu 1992 ndipo likunena za Mbona, wolosera mvula amene anaphedwa molamulidwa ndi Lundu, ndi kachisi wake ku Khulubvi ku Nsanje. Mwina mukudabwa kuti zachipembedzo chamakolo zikulowa bwanji pa nkhani ya ufulu. Schoffeleers akuonetsa kuti nkhani ya munthu wosalakwa wophedwa ndi mfumu inali njira imene anthu wamba ankadzudzulira olamulira, ndipo wogwidwa ndi mzimu wa Mbona ankatha kunena poyera zimene wina aliyense akanaopa. Ubwino wina ndi wakuti m'bukumo muli nkhani za Mbona monga anazifotokozera akuluakulu m'Chimang'anja, Chingerezi chili pambali. Zimenezo mungawerenge mokweza m'kalasi popanda womasulira. Mitu yoyambirira ndi yolemera, isiyeni ikhale yanu.

Mabuku a ku America aja musawataye, chifukwa pali mlatho. John Chilembwe anapita ku America mu 1897 ndi Joseph Booth, n'kukaphunzira ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia pakati pa anthu akuda amene ankalimbana ndi tsankho. Independent African, la George Shepperson ndi Thomas Price, la 1958, likulumikiza zimenezo ndi thangata ndi kuukira kwa Januwale 1915. Ndi lalitali kwambiri. Ana angakonde msanga Magomero la Landeg White, la 1987, limene limawerengeka ngati nthano ngakhale zonse n'zochitika, ndipo limatsikira kuno: Bishopu Mackenzie anafera pafupi ndi pamene Ruo amathira mu Shire mu Januwale 1862, anzake n'kusamutsira mishoni yawo ya ku Magomero kwa Chibisa.

Za nthawi ya chipani chimodzi, dziwitsani ana kuti chigwa chino chinalawa nawo. Mwa andale anayi amene anaphedwa ku Mwanza mu Meyi 1983, boma n'kunena kuti inali ngozi ya galimoto, mmodzi anali David Chiwanga, phungu wa ku Chikwawa. Enawo anali Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala. Gwanda Chakuamba wa ku Nsanje, amene anali nduna yamphamvu, anamangidwa mu 1980 n'kutuluka mu 1993. Kuti ana amve fungo la ndende za nthawiyo, apatseni And Crocodiles Are Hungry at Night la Jack Mapanje, amene anatsekeredwa ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda mlandu, ndi Fearless Fighter la Vera Chirwa. Awiriwa Chingerezi chake n'chofewa. Inuyo panokha werengani Prisoners of Freedom la Harri Englund, la 2006, limene likudzudzula mmene mabungwe ena amaphunzitsira za ufulu m'midzi ngati kuti osauka ndi mbuli zofunika kuunikiridwa. Lidzakuwawani pang'ono, monga linawawira ambiri ogwira ntchito za maphunziro a ufulu.

Kupeza mabukuwa ndiye ntchito. M'masitolo a ku Nchalo kapena ku Bangula simungawaone, ndipo kugula pa intaneti a Mandala ndi Schoffeleers mtengo wake ndi wosayenera malipiro a mphunzitsi. Yesani laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House mu Blantyre, laibulale ya yunivesite ku Zomba, ndi nthambi za National Library Service. Amene anakutumizirani katoni ija alembereni kalata yothokoza, m'munsi mwake muikemo mayina a mabukuwa. Opereka ambiri amatumiza zimene ali nazo chifukwa palibe anawauza zimene zikufunika.

Mukapeza ngakhale limodzi, musalipereke kwa mwana kuti akawerenge lonse. Sankhani masamba ochepa, muwafotokoze m'Chichewa kapena m'Chisena, kenako ana apite ndi funso limodzi kwa agogo awo, monga lakuti ndani ankaika mtengo wa thonje ndipo wodandaula ankapita kuti. Sabata yotsatira ayerekeze zimene amva ndi zimene buku lanena, ndipo pamene zasiyana asafulumire kunena kuti buku ndilo lalondola. Mandala mwiniwake zambiri anazitenga pakamwa pa okalamba a m'midzi yomweyi.

Gawo lachiwiri la chaka mudzatenge nkhani imene mboni zake zikadali moyo. Pa nkhondo ya ku Mozambique, dziko lino linasunga othawa kwawo oposa miliyoni imodzi, ndipo ku Nsanje kunafika poti alendo anachuluka kuposa eni dera, m'misasa monga Mankhokwe ndi Nyamithuthu, mpaka mtendere utasainidwa ku Rome mu Okutobala 1992. Ana akafunse amene anapereka malo, amene anagula ufa wa makuponi, ndi amene anakwatira kapena kukwatiwa kumsasa. Muwauze apemphe chilolezo asanalembe dzina la munthu, ndipo makope awo muwasunge pa shelefu imodzi ndi mabuku a m'katoni aja.